Galu Wosauwa Akakowa

Kwawo onse ankamutcha Mpheta, chifukwa anabadwa wochepa ngati kambalame ndipo anakula osatha kukhala malo amodzi. Atagula kamera n'kuyamba kujambula mbalame zenizeni m'madambo a kunja kwa tauni, dzinalo linangomukanirira. Zithunzi zake ankagulitsa m'mahotela ndi kwa opanga makalendala. Bambo ake ankati imeneyo si ntchito koma kuyendayenda, komabe chithunzi chimodzi anachipachika okha pabalaza, pamwamba pa wailesi.

Zinthu zinasokonekera mwezi wathawo, pamene anyamata awiri anamutchingira njira kuseri kwa damu n'kumulanda chikwama cha malenzi. Anafika kunyumba bondo likuchucha magazi. Tsiku lomwelo bambo ake analamula kuti kutchire asadzapitenso yekha, ndipo bambo amenewa akalankhula sankabweza mawu.

"Ndiye ndizipita ndi galu," Mpheta anatero atatopa ndi kukhala pakhomo.

Bambo anavomera msanga kuposa mmene iye ankayembekezera. Anayenera kukayikira pomwepo, paja galu wamkota sakandira pachabe.

Lamulungu masana pikapu inaima pageti. Anatsika ndi Makiyi, mwana wa mnzawo wa bambo, wogulitsa magalimoto, amene ankazunguliza makiyi pachala ngakhale pamaliro. Bambo ankamufuna kuti akhale mkamwini wawo, ndipo sankabisa. Amene Mpheta ankamukonda anali Dokotala, wa chipatala cha ziweto, yemwe pakhomopo anali asanapitirirepo pakhonde. Bambo ankati sangalowetse pabalaza munthu wonunkha mankhwala a nkhupakupa.

Kumbuyo kwa pikapuyo kunali chigalu chakuda, mutu ngati ndowa.

"Ababa, ndabweretsa mlonda," anatero Makiyi, amene anayamba kunena kuti ababa popanda womupatsa chilolezo. "Rotiwaila weniweni, makolo ake onse ali ndi mapepala. Ameneyu akangoyasamula, akuba amakumbuka kwawo."

Galuyo sanadikire kutamandidwa kawiri. Anaona nkhunda itatera pawaya woyanikapo zovala, anauwa mpaka mawindo kunjenjemera, n'kukoka tcheni. Mphika wa maluwa wa mayi ake a Mpheta unangoti phwa pansi.

"Waona?" bambo anatero akumwetulira. "Ameneyu ndiye galu."

"Ababa, nkhunda ija ili kuti?"

"Yathawa."

"Ndiye ine ndizikajambula chiyani? Nthenga?"

"Kodi iwe ukufuna galu kapena mphaka?"

"Ndikufuna woyenda nane tsiku lonse osatopa, woti mbalame zikatera azikhala chete, koma munthu akandiyandikira aziganiza kawiri. A Dokotala akundipezera."

Kumwetulira kuja kunazimirira. Bambo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya, zimene ankachita akamakonza chigamulo.

"Chabwino. Loweruka tonse tipita kudamboko, ndikaone ndi maso angawa. A Dokotala akowo abwere ndi wawo, uyunso abwera ndi wake. Wa a Dokotala akalephera, utenga uyu, ndipo mwini wake azibwera kudzamuona mmene angafunire. Za a Dokotalazo zikathere komweko. Sindingapereke mwana kwa munthu wolephera kusankha galu pomwe agalu ndiye ntchito yake."

Mayi anangotola zidutswa za mphika wawo. Makiyi anakweza chigalu chake, ndipo asanalowe m'galimoto anayandikira Mpheta n'kutsitsa mawu.

"Sindikufuna kukuipitsira tsiku, koma m'mawa uliwonse ndikamapita kuntchito ndimaona njinga yamoto ya Dokotala wako itaima pageti pa mayi woweta agalu uja. Kaya, mwina ndi odwala agaluwo. Koma odwala tsiku lililonse?"

*

Mayi woweta agalu uja Mpheta ankamudziwa kuposa mmene ankafunira. Anali chibwenzi chakale cha Dokotala, wamtali, wosalala, wa zikhadabo zazitali zopaka zofiira zimene palibe ankamvetsa kuti amasambitsa nazo bwanji agalu. Mumtima mwake Mpheta ankangomuti Wazikhadabo.

Mawu a Makiyi akanawaseka zikanakhala kuti Dokotala sanasinthe. Koma masabata apitawo munthuyo anali atayamba kuumira mawu ngati amawagula. Mpheta anakhala pabedi n'kuwerenganso mauthenga awo.

"Wadzuka bwanji?"

"Bwino. Ndatanganidwa."

"Za galu zili pati?"

"Zikuyenda."

"Tionana liti?"

"Posachedwa."

Chonsecho tsiku limene anamupempha galu, munthu yemweyu analankhula mpaka tiyi kuzizira. Anakhala pabenchi kuseri kwa chipatala, Dokotala atavula jasi lake loyera.

"Usasankhe ndi maso," anamuuza. "Ojambula inu ndinu oopsa, mukhoza kutenga wokongola wopanda nzeru."

"Ngati mmene ndinakusankhira iwe?"

"Ine unandisankha utatsinzina. Tamvera. Waubweya wambiri uja, wa kumayiko ozizira, adzakomoka dzuwa lisanafike pamutu, ndipo uzidzangokhalira kumuzula minga. Wamphuno yophwatalala amapuma ngati wakwera phiri asananyamuke n'komwe. Osaka aja, a makutu ogwa, akaona mbalame magazi amawira, uzidzajambula mchira wake ukuthamanga. Aulonda amauwa ngakhale tsamba."

"Ndiye watsala uti?"

"Wofatsa ngati labulado, koma wosakonda aliyense ngati labulado. Ameneyo wakuba akabwera amamuthandiza kunyamula katundu."

Anaseka mpaka wothandizira pachipatalapo anasuzumira pawindo. Potsanzikana Dokotala anabwereka kamera yake yakale, osanena kuti akatani nayo, ndipo kuyambira pamenepo anangoti zii.

Mpheta analemba uthenga wina: "Ababa akuti Loweruka kudambo. Galu wako akalephera, ndiye kuti ifenso basi."

Yankho linachedwa, ndipo litafika linali la liwu limodzi: "Ndamva."

Anaponya foni papilo n'kulira pang'ono, kulira kwa mkwiyo. Ankamukonda munthuyo, n'chifukwa chake zinkapweteka chonchi. Atapukuta m'maso anaganiza kuti za Makiyi sangangozimeza, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Apita yekha akaone, zikakhala zoona akazipeze ndi maso ake.

*

M'mawa mwake anatsika minibasi mame asanakamuke. Njinga yamoto ija inalidi pageti, chipewa chake chitakoloweka pachogwirira. Mpheta anaima pamsewu. Anafuna kubwerera, koma anapezeka akuyenda m'mbali mwa mpanda wa maluwa ngati wakuba, akufunafuna poboola.

Kenako anamva phokoso limene akanalizindikira ngakhale pakati pa msika. Tcheke. Inali kamera yake yakale, imene inkalira ngati sizasi.

Anakankha masamba n'kusuzumira. Pakapinga ponyowa, Dokotala anali atagwada bondo limodzi, kamera ili kumaso, atazunguliridwa ndi abakha. Pambali pake panagona galu wa mtundu wa tiyi wamkaka, khutu limodzi chilili, lina litagwa, chibwano atachiika pamiyendo. Bakha wina anadutsa pamphuno pake penipeni. Galuyo ananjenjemera thupi lonse koma sanadzuke. Dokotala anaimirira n'kuyenda, galu naye anayenda pambali pake. Anagwadanso, kamera inati tcheke, galu anagona. Dokotala anapisa m'thumba n'kumupatsa kachidutswa ka chiwindi chouma.

Mtima wa Mpheta unakhala pansi. Anaseka yekha kuseri kwa mpandawo, misozi ikutsika, osadziwa kuti ayambe kuthokoza kapena kukalipa.

"Lowani, geti si lokhoma," anatero mawu ochokera pakhonde. Anali Wazikhadabo, atakhala pampando ndi kapu m'manja. "Mpanda umenewo uli ndi minga, mung'ambitsa bulauzi."

Mpheta analowa nkhope ikutentha. Dokotala anadzuka, mawondo a thalauza ali matope okhaokha.

"Ndiye kutanganidwa kwake n'kumeneku?" Mpheta anafunsa.

"Ndimafuna udzaone zitapsa."

"Ndikanafa ndi mtima zisanapse. Munthu kumangoyankha kuti 'ndamva'? Ndine kasitomala wako ine?"

"Ndimaopa kulonjeza. Sabata yoyamba anagwira bakha, ndinachita kumulanda kukamwa."

"Bakha wanga," Wazikhadabo anaonjezera. "Mpaka pano amayenda chotsimphina."

"Nanga n'chifukwa chiyani kuno?" Mpheta anatsitsa mawu, ngakhale ankadziwa kuti pakhonde makutu ali tcheru.

"Tandiuza kwina m'tauni muno kumene kuli abakha, mpanda, ndi mwini wake wolola kuti galu aziwathamangitsa. Ndimafika m'mawa, ndimagwada, ndimapita kuntchito. Ngakhale tiyi wa pano sindinamwepo."

"Ndimamupatsa, amakana," anatero Wazikhadabo akuyang'ana zikhadabo zake. "Kale sankakana."

Mpheta anachita ngati sanamve. Lero anali ndi mtima woti akhoza kukhululukira ngakhale zimenezo. Anawerama n'kutambasulira galuyo dzanja.

"Ndi wamtundu wanji?"

"Mayi ake ndi labulado wa mapepala," Wazikhadabo anayankha. "Bambo ake anadumpha mpanda, sanasiye dzina. Palibe kasitomala anamufuna."

"Kufatsa anatengera mayi, kukayikira anthu anatengera bambo," anatero Dokotala. "Ubweya ndi waufupi, dzuwa salisamala, ndipo akhoza kuyenda mpaka iwe ndiwe uyambe kupempha kupuma. Akangomva kamera ikulira amagona, sadzuka mpaka udzuke. Ndi zimene ndakhala ndikumuphunzitsa."

Galuyo ananunkhiza dzanja la Mpheta mosafulumira, ngati akufunsa kuti ndiwe wa kwa yani. Ananunkhizanso bondo lija la chipsera, n'kutsamira mwendo wake ndi thupi lonse.

"Dzina lake ndani?"

"Ndimadikira iwe."

"Khutu," Mpheta anatero akusisita khutu logwa lija. Kenako anayang'ana Dokotala. "Iweyo ukadzayankhanso 'ndamva', ndidzakusinthanitsa ndi galuyu."

"Ndamva," anatero Dokotala, ndipo anachita kuzinda kuti chikwama chisamupeze m'mutu.

*

Loweruka bambo anavala majombo ndi chipewa, ndodo ili m'manja, ngati akukayendera munda wa mlandu. Makiyi anabwera ndi nsapato zoyera. Dokotala anapereka moni atavula chipewa, bambo n'kuyankha ndi mutu wokha.

Dambo linali loyera ndi akakowa. Bambo anati ayambe Makiyi, ndipo mayesowo sanatenge nthawi. Chigalu chija chitangoona mbalame chinauwa kamodzi, dambo lonse linanyamuka. Chinathamangira kumadzi chikukoka mwini wake, amene anakana kusiya tcheni mpaka matope atamufika m'mawondo.

"Mphamvu ali nazo," bambo anatero, koma mawu ake anali otsika kusiyana ndi a Lamulungu lija.

Makiyi anapita kukamangirira galu wake kugalimoto ndi kukatsuka nsapato. Enawo anazungulira mpaka tsidya lina, kumene kunali bango lalitali, n'kuima pamenepo kudikira. Bambo anayang'ana wotchi, anatsokomola, anayang'ananso wotchi.

"Ndiye ntchito yake ndi imeneyi? Kungoima?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, ababa. Ndinu munandiphunzitsa."

"Sindimanena za mbalame ine."

Pang'ono ndi pang'ono akakowa anayamba kubwerera, mpaka ena anatera pafupi kwambiri. Bambo analoza chingwe cha Khutu.

"Mumasuleni. Akakhala yekha manja onse amakhala pakamera, adzamugwirira ndani?"

Dokotala anamasula. Mpheta anaimirira kuseri kwa bango, anakweza kamera n'kudina. Khutu sanagone. Anaima ali njo, khutu lija chilili, maso ali pambalame, mwendo umodzi wakutsogolo utanyamuka kale.

"Dina kamera," Dokotala ananong'ona.

"Ndadina kale."

"Sinalire."

Mpheta anayang'ana kamera imene inali m'manja mwake. Kamera yatsopanoyi sinkalira. N'chifukwa chake anaigula, kuti aziyandikira mbalame osazidzidzimutsa, yakale ija n'kuiponya m'kabati. Dokotala ankadziwa agalu koma makamera sankawadziwa, ndipo iye mwini, tsiku lija kuseri kwa mpanda, anamva tcheke n'kungosangalala osaganiza. Masabata onse aja galu anaphunzitsidwa kumvera phokoso limene sadzalimvanso. Mpheta akanatha kuyatsa phokosolo, koma mbalame zili pafupi chonchi zikanauluka, ndipo Khutu akanazithamangira bambo akuona.

Mpheta ndi Dokotala anayang'anana. Nkhope ya Dokotala inali itagwa. Khutu anaponda phazi limodzi, kenako lina. Bambo anayamba kuvula magalasi.

Nthawi yomweyo kakowa wina anatulukira pakampata ka pansi pa bango, chule akupiriphita kukamwa kwake. Mpheta sanaganize kanthu, thupi linangochita zimene linazolowera. Anagwa ndi bondo limodzi, lomwelo la chipsera, kamera ili kumaso.

Khutu anagona pansi, chibwano n'kuchiika pamiyendo.

Mpheta anajambula, anajambulanso. Kakowa anameza chule wake mosafulumira n'kumapitiriza kuyenda m'madzi ngati palibe munthu. Galu sanasunthe. Kumbuyo kunamveka Dokotala akutulutsa mpweya umene anausunga nthawi yonseyi.

Ali chigwadire, bango la kumbuyo kwawo linagwedezeka. Khutu anadzuka osauwa, anaima pakati pa Mpheta ndi bangolo, ubweya wa pamsana utaima, n'kulira cha pansipansi, kulira koti aliyense amamva tanthauzo lake. Anatulukira ndi Makiyi, nsapato zili m'manja, n'kuuma pomwepo.

"Muuzeni kuti ndine ine."

"Wakuonani," bambo anatero. "N'chifukwa chake."

Akakowa anali akadali m'madzi. Bambo anabweza magalasi kumaso n'kupempha kuona chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa Dokotala.

"A Dokotala, inu mumaphunzitsa galu kamera, iye amaphunzira bondo."

"Zikuoneka choncho, bambo. Ndalakwitsa ndine, wandipulumutsa ndi iyeyu."

"Nanga kugwadako munakutenga kuti?"

"Ndi mmene amachitira mwana wanuyu akamajambula. Ndimangomutsanzira kuti galu azolowere."

"Tsiku lililonse?"

"M'mawa uliwonse, bambo."

Bambo anayang'ana mawondo a thalauza la Dokotala, amene anali atayera ndi kutha, limodzi lili ndi chigamba chosokedwa ndi munthu wosadziwa singano. Anangotsogola kubwerera kugalimoto, ndipo podutsa anasisita Khutu pamutu mobera, ngati palibe akuwaona.

*

Atafika kunyumba Dokotala anakhala pamalo pake pa masiku onse, pampando wa pakhonde. Bambo anaima pakhomo.

"Lowani m'nyumba, a Dokotala. Panjapa pali mphepo."

Kunja kunalibe ngakhale kamphepo kogwedeza tsamba. Mpheta anathawira kukhitchini kuti asaseke pamaso pawo. Anapeza mayi ake atakwera pampando, akutsitsa makapu a maluwa pamwamba pa kabati.

"Amayi, makapu amenewo?"

"Akuti nditulutse. Chiyambire ukwati wa mkulu wako sanatsikepo. Gwira bwino, ukaswa limodzi ukwati wako watha usanayambe."

Mpheta anawakumbatira mayi ake m'chiuno, akadali pampando pomwepo. Mwezi wonse anali atanyamula mantha, a tchire, a bambo ake, a Wazikhadabo, ndipo tsopano anamva kupepuka moti akanatha kuvina ndi thireyi m'manja. Pabalaza bambo anali akufunsa Dokotala za katemera, ndi mawu a munthu amene wakhala akukonda agalu chibadwire. Khutu anagona pansi pa tebulo ngati anabadwira pomwepo.

Pageti panalira hutala. Mpheta anatuluka akupukuta manja, n'kupeza Wazikhadabo atatsitsa galasi la galimoto.

"Ndabweretsa mbale yake ndi bulangete. Popanda bulangeteli sagona. Ndamva kuti wakhoza."

"Wakhoza. Zikomo kwambiri, ndipo mupepeseko bakha uja." Mpheta ananena ndi mtima wonse, moti anadzidabwa yekha.

"Zakhala bwino. Tsopano Dokotala azipita mtima uli m'malo, wakusiyirani mlonda."

"Azipita kuti?"

Wazikhadabo anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba pankhope pake panalibe chipongwe.

"Sanakuuzeni? Anamulemba ntchito kufamu yaikulu ya ng'ombe, kutali, ulendo wa tsiku lonse pabasi. Akuyamba mwezi ukangotha, ndipo anasaina zaka zingapo. Ine anandiuza tsiku loyamba lomwe anabwera kudzapempha galu. Anati sangachoke inu mulibe woyenda naye kutchire." Anagwira chiwongolero. "Ndimayesa mukudziwa. Ndikanadziwa, sindikanalankhula."

Galimoto inachoka. Mpheta anatsala ataima pageti, mbale ili m'manja, bulangete lili paphewa. Chitseko chinatseguka ndipo Dokotala anatuluka akumwetulira, kapu ya maluwa ili m'dzanja. Ataona nkhope ya Mpheta anayang'ana kumsewu, n'kuona galimoto ija ikukhota. Kumwetulira kunathera pomwepo.

"N'zoona?" Mpheta anafunsa.

"Ndimati ndikuuze galu akakhoza."

"Wakhoza. Ndiuze."

"Mpheta, ndinafunsira ntchitoyo kalekale, nthawi imene bambo ako ankandibweza pakhonde. Ndinkayesa kuti ndikakhala ndi nyumba ndi malipiro ooneka, mwina adzandiyesa munthu. Yankho linabwera iwe uli ndi bandeji pabondo. Ndikanayambira pati?"

"Unayambira kwa Wazikhadabo."

Dokotala anayang'ana pansi. Mpheta ankafuna kumukalipira. Munthuyu anathera thalauza m'matope chifukwa cha iye, ndipo munthu yemweyu anali atamanga kale katundu osamuuza.

M'nyumba munamveka mawu a bambo, okoma, a munthu amene wangomaliza kugonja ndipo akufuna aliyense adziwe kuti wagonja mwa kufuna kwake.

"A Dokotala, tiyi akuzizira. Bwerani mundiuze, akwanu abwera liti kudzationa?"

Dokotala anayang'ana Mpheta. Mpheta anakumbatira mbale ya galu pachifuwa.